Nkhondo ya Makwerero a Kampani

Khalani pansi, inu nonse amene munasainapo pepala musanaliwerenge, ndi inu amene munanyamulapo katundu wa kuntchito n'kunena kuti mubweza mawa, ndipo mumve za masiku aakulu aja: masiku amene bizinesi iliyonse ya m'tauni, ngakhale yogulitsa zipi ndi mabatani, inkafuna chikwangwani chachikulu kuposa chitseko chake, chaka chachisanu ndi chinayi chimwalirireni mwini kampani yolemba zikwangwani ya kuseri kwa malo omatira matayala, sabata imene ana a mimba imodzi anayang'anizana pa tebulo limodzi ngati akazembe a magulu awiri ankhondo, ndipo dziko lonse, kuyambira pa geti ya kampaniyo mpaka pa mpopi wa kuseri, linangoti zii kudikira amene agonje.

Malemuwo anasiya kampani ya zipinda ziwiri, buku la malamulo ake la chikuto chobiriwira, ndi makwerero. Makwererowo anali achitsulo chopepuka, a masitepe khumi ndi awiri, sitepe yachisanu ndi chiwiri yopindika pang'ono, ndipo ankagona chopingasa pa misomali iwiri kukhoma la mushedi. Tsiku logawa masheya, loya anakhazika pansi olowa m'malo atatu aja n'kuwauza kuti pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha. Ili ndi dzina lake ndi katundu wake, ikhoza kusumira munthu kapena kusumiridwa. Chimene ilibe ndi pakamwa ndi manja basi.

"Inu atatu ndinu bodi," anatero loyayo. "Muzilankhula m'malo mwake, muzigwira ntchito m'malo mwake. Koma katundu wake si wanu, ngakhale kachingwe."

Onse atatu anagwedeza mitu, aliyense akuganiza kuti loyayo akunena anzakewo.

Woyamba anali mwana wachisamba wa malemuwo, a Wapampando, Mtsekamisonkhano, Mwini Mpando Wozungulira, amene tayi yawo inamangidwa kamodzi kokha m'mbiri ndipo kuyambira pamenepo ankangoilowetsa ndi kuitulutsa kumutu. Wachiwiri anali mchemwali wawo wamng'ono, amene anthu anangowatcha a Ndime, Wowerenga Timalemba Tam'munsi, Mkango Waukazi wa Buku Lobiriwira, amene pa tsiku la ukwati wawo anaimitsa mwambo wonse mpaka chilembo chimodzi chikonzedwe pa chikalata. Wachitatu anali Amalume, mlongo wa mayi awo, Mgwirizananazo, amene kwa zaka zisanu ndi zinayi sanalankhulepo mawu ena mu bodi kupatula akuti "Ndagwirizana nazo," nthawi zina mfundoyo isanathe n'kunenedwa komwe. Panalinso Mlembi, bambo waimvi wosaponya voti, wosunga chidindo ndi buku la zokambirana; ndi a Burashi, mmisiri yekhayo wa kampaniyo, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene dzanja lake lalemba mayina a theka la masitolo a mumsewu waukulu.

Nthawi imeneyo ntchito inali ikuthawira kwa anthu a tsidya lina la msewu, amene ankasindikiza zikwangwani ndi makina. Ntchito yooneka imene kampani inapeza m'miyezi itatu inali ya bambo wina wotsegula sitolo ya mankhwala. Chikwangwani chake chinali chitalembedwa, chitauma, chotalika ngati anthu awiri ogona motsatizana. Chinangotsala kukwezedwa, ndipo Wamankhwalayo ananeneratu kuti chikapanda kukhala pakhoma pofika Lachisanu masana, apita tsidya lina ndipo auza anzake onse chifukwa chake.

Lolemba m'mawa a Burashi analowa mushedi ndipo anapeza misomali iwiri ikuyang'ana kumwamba yopanda kanthu. Anaima pakhomo la ofesi, pamene a Wapampando ndi a Ndime ankakhala moyang'anizana pa tebulo limodzi.

"Bwana, atuluka."

"Ndani?"

"Makwerero."

"Abwera," anayankha a Wapampando osadzutsa mutu. "Apita kukathandiza pang'ono."

"Nanga chikwangwani ndikweza bwanji?"

"Mutenge tebulo la mushedi, muikepo mgolo, inuyo mukwere pamgolopo. Masiku a bambo tinkatero."

"Masiku a bambo anu ndinali ndi zaka makumi atatu," anatero a Burashi. "Manjawa ndi a kampani kuyambira seveni mpaka faivi. Koma mawondowa ndi anga, bwana, ndipo ndilibe ena."

Apa a Ndime anaika cholembera pansi.

"Achimwene, makwerero ali kuti?"

"Kwa alamu anga. Denga limadontha pamutu pa apongozi, ndipo iwo ali chigonere. Ndinawabwereka masabata atatu apitawo."

"Bodi inavomera?"

"Bodi ndi ine, inuyo ndi Amalume. Ine ndinavomera. Amalume akanagwirizana nazo. Awiri kwa mmodzi."

A Ndime anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, anawavalanso, ndipo aliyense amene anawadziwa kuyambira ali mwana akanakuuzani kuti mtendere wathera pomwepo.

Ndani angawerenge zonse zimene zinachitika m'masiku atatu otsatirawo? Makalata asanu ndi awiri anawoloka tebulo lija, mtunda woti munthu akhoza kungotambasula mkono, koma iliyonse inkadzera mwa Mlembi, amene ankailandira, kuidinda, kuzungulira tebulo n'kuipereka kwa mwini wake atachita kaye odi. Lachiwiri a Wapampando anatuluka panja kukaimbira foni alamu awo. Alamuwo anati denga anamaliza kalekale ndipo makwerero "apitirira," kenako foni inaduka ndipo sinapezekenso. A Wapampando anabwerera muofesi n'kulengeza kuti zokambirana zikuyenda bwino. Lachitatu a Ndime anakiya kabati ya shuga, nati shuga wa kampani azimwedwa pa nkhani za kampani zokha, ndipo tiyi wa munthu amene akungoyang'ana pawindo si nkhani ya kampani. A Wapampando, Mtsekamisonkhano, sanachedwe kubwezera: anazula chaja ya foni ya a Ndime pakhoma, nafunsa ngati mauthenga a gulu la makolo a kusukulu ndi ntchito ya magetsi a kampani. Lachinayi sanapatsane moni. Kwa zaka zonsezo ankaweruka limodzi, mchimwene atabereka mchemwali wake pa njinga yamoto mpaka pamphambano, koma madzulo amenewo a Ndime anayenda wapansi, chikwama chili kukhwapa, njinga yamoto ikuwatsata pang'onopang'ono kumbuyo mpaka inatopa n'kuwapitirira.

Koma a Ndime anali ataponya kale mkondo wawo waukulu. Anaitanitsa msonkhano wa bodi wa Lachisanu m'mawa, atapereka masiku atatu a chidziwitso monga buku linkanenera, ndipo analamula Mlembi kuti atsate mapazi a makwererowo nyumba ndi nyumba, adzapereke lipoti lonse pamaso pa bodi, osasiya kanthu.

Tsikulo linafika. Tebulo linapukutidwa. Amalume anabwera ndi mbale ya mapeyala odulidwa kale, monga ankachitira sabata yonseyo, ndipo aliyense anatengapo chidutswa pomwe Mlembi ankawerenga za msonkhano wapita. Kenako a Ndime anaimirira, buku lobiriwira lili m'manja.

"A Wapampando, Amalume, ndi inu a Kampani amene simulankhula," anayamba motero. "Ine sindinabwere kudzalimbana ndi apongozi a munthu. Ndime yachisanu ndi chinayi ikuti wa m'bodi azichita zokomera kampani, osati zokomera iye mwini kapena abale ake. Ndime yakhumi ikuti asamale katundu wa kampani monga munthu wanzeru asamalira wake. Ndime yakhumi ndi chimodzi ikuti aganizire anthu ogwira ntchito, ndipo sindinapezemo mgolo pamwamba pa tebulo. Lero ndi makwerero. Mawa ndi mipando. Mkuja tidzafika m'mawa n'kupeza kuti a Burashi abwerekedwa kwa alamu. Choncho ndikupempha bodi kuti a Wapampando atsike pampando wozungulira."

"Ndagwiri..." anayamba Amalume, koma ataona nkhope ya a Wapampando anameza mawu otsalawo pamodzi ndi peyala.

A Wapampando anadzuka, nakoka tayi, nayang'ana kudenga ngati kuli khamu.

"Ine ndinabadwira m'fungo la penti. Makwerero amenewa ndinawakwera ndisanagulule mano. Sitepe yachisanu ndi chiwiri ija, amene anaipinda ndine, ndi chibwano ichi, ndipo chipsera chake nachi. Kodi munthu amene magazi ake anatsala pa makwerero angabe makwerero omwewo?"

"Palibe amene wanena za kuba."

"Magalasi anu anena."

"Ndime yakhumi ndi chinayi," anatero a Ndime, chala chili patsamba. "Wa m'bodi amene nkhani ikumukhudza, iye kapena a pabanja pake, aulule, zilembedwe, ndipo atuluke anzake akambirane."

Panalibe pothawira, poti ndimeyo a Wapampando anaisainira okha. Anaulula. Anatenga chipewa chawo, anazunguza mpando wawo kamodzi ngati akuutsazika, ndipo anatuluka ndi ulemerero wa mfumu yopita ku ukapolo, mpaka pakhonde, pamene anakhala pa chitini cha penti.

Munatsala awiri, ndipo awiri ndiye chiwerengero chimene buku linkafuna kuti msonkhano upitirire. A Ndime anauza Mlembi kuti awerenge lipoti.

Mlembi anatsokomola. Anawerenga kuti alamu anamaliza denga m'masiku awiri, ndipo anabwereketsa makwerero kwa mnzawo woika madishi a TV. Woika madishiyo anawagwiritsa ntchito pa nyumba zinayi. Apa Mlembi anaima, nayang'ana a Ndime, natsitsa mawu.

"Mayi, ndime yotsatirayi ndi yaitali. Ndikhoza kuidumpha."

"Ndinati osasiya kanthu."

"Nyumba yachinayi inali ya geti yabuluu, pafupi ndi chigayo. Mwamuna wa panyumbapo ndiye anaitana woika madishi. Mkazi wa panyumbapo ndiye anagwirira makwerero, kwa mphindi makumi awiri, ndipo woika madishiyo akuti mayiyo ananena kuti mwini makwerero amenewa ndi munthu wosasamala, wosiya sitepe yopindika osaikonza."

M'chipindamo munamveka kulira kwa kompresa ya omata matayala. Geti yabuluu pafupi ndi chigayo inali imodzi yokha. A Ndime anakumbukira Loweruka lija, dzuwa lili m'maso, manja awo ali pa chitsulo chodontheredwa phula la padenga mpaka chosazindikirika. Anakumbukiranso kuti kuyambira tsiku limenelo akhala akuonera nkhani za madzulo popanda chipalechipale. Akanatha kunena kuti sanadziwe, ndipo chikanakhala choona. Koma ndime yakhumi ndi chinayi sinkafunsa ngati munthu ankadziwa. Inkafunsa ngati nkhani ikumukhudza.

"Lembani kuti ndikuulula," anatero Mkango Waukazi, mawu ali phee. "Dishiyo ndi yathu."

Anasiya buku lobiriwira patebulo, natuluka.

Amalume anatsala okha, maso ali pa Mlembi ngati munthu amene basi yamusiya.

"Msonkhano watha?"

"Chiwerengero chaperewera, koma lipoti silinathe," anayankha Mlembi. "Woika madishi anasiya makwerero kwa geti yabuluu. Mwamuna wa panyumbapo anawabwereketsa kwa wachibale wa akazi ake, bambo wachikulire amene ali ndi mtengo wautali wa mapeyala."

Onse awiri anayang'ana mbale ija. Munatsala zidutswa ziwiri.

Ndipo Amalume, Mgwirizananazo, anatsegula pakamwa ndi kunena chiganizo chawo choyamba chathunthu m'zaka zisanu ndi zinayi.

"Ine ndimaona ngati ndikuwadziwa makwerero amene aja, koma ndinati ndikafunsa ndiyambitsa nkhani."

Ananyamula mbaleyo, poti tsopano inali umboni, natuluka nayo.

Motero zinachitika zimene sizinachitikepo chikhazikitsireni makampani: m'chipinda cha bodi munatsala Kampani yokha, munthu uja wopanda pakamwa ndi manja, ndi mipando itatu yopanda anthu. Mlembi, pokhala munthu womaliza zimene wayamba, anawerengera mipandoyo ndime yotsiriza, yonena kuti Amalume anapereka makwerero kwa neba wawo, nebayo anabwereketsa kwa munthu wina amene dzina lake analiiwala, ndipo mapazi anathera pamenepo. Anafunsa ngati pali ndemanga. Kampani sinayankhe. Analemba kuti panalibe wotsutsa.

Pakhonde, akuluakulu atatu a kampani anakhala pa zitini zitatu za penti, aliyense akuyang'ana kwake. Pamenepo sipanali pa msonkhano, choncho panalibe woyenera kupempha mwayi wolankhula, ndipo chifukwa cha chimenecho panatenga nthawi kuti wina alankhule.

"Apongozi ali bwanji?" anafunsa a Ndime potsiriza, akuyang'ana nsapato zawo.

"Ayamba kufika pakhomo okha. Bedi silikunyowanso."

"Mukanangondiuza, achimwene."

"Ukanakana, iwe."

"Ndikanavomera. Koma polemba, ndi tsiku lobweza."

A Wapampando anakanda chipsera cha pachibwano. "Sindikudziwa kumene ali," anatero. "Kuyambira Lachiwiri sindikudziwa. Ndinangochita manyazi."

Nthawi yomweyo chitseko cha shedi chinatseguka, ndipo a Burashi anatulukira akugubuduza mgolo ndi phazi, chingwe chili paphewa.

"Mukupita kuti ndi mgolowo?" anafunsa a Ndime.

"Kwa Wamankhwala. Leveni yakwana. Inu mukamaliza milandu yanu mudzapeza kampani ilipo kapena palibe, koma ine ndikachoka pano, a makina aja sangalembe ntchito munthu wa burashi. Ndikwera pamgolo."

"Simukwera," anatero a Wapampando ndi a Ndime nthawi imodzi, kenako anayang'anana moipidwa, poti sanapangane zogwirizana.

Anagwirizana, ngati anthu wamba osati ngati bodi, kuti anyamule chikwangwanicho akachionetse kwa Wamankhwala ndi kupempha tsiku limodzi. Ndipo ulendo unanyamuka umene ogulitsa m'mbali mwa msewu adzausimbira zidzukulu zawo: a Wapampando kutsogolo, a Ndime kumbuyo, chikwangwani chili pakati ngati chitseko cha mzinda wogonjetsedwa, Amalume akuimitsa magalimoto ndi mbale, Mlembi atakumbatira buku ndi chidindo, a Burashi pambuyo pa onse akunena kuti asakhudzitse zilembo ku malamba. Anadutsa pa sitolo ya a makina aja mitu ili chilili. Anakhota pa ngodya ya telala. Ndipo atafika pa sitolo ya mankhwala, a Wapampando anaima mwadzidzidzi mpaka chikwangwani chinagunda a Ndime pamimba.

Pakhoma penipeni pamene chikwangwani chinkayenera kukhala, panatsamira makwerero a masitepe khumi ndi awiri, odontheredwa phula, sitepe yachisanu ndi chiwiri yopindika, tsamba la peyala litakanirira pamwamba.

Wamankhwala anatuluka atavala gauni yoyera. Anali munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga malangizo a pabotolo.

"Mwafika. Ndinaona kuti mukuchedwa, ndiye ndinabwereka awa kwa kasitomala wanga kuti ndipukute khoma."

"Bambo," anatero a Wapampando mwachimwemwe, "tibwerekeni makwererowa tikweze chikwangwani chanu pompano."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Si anga. Chinthu cha eni sindingabwereketse popanda mwini wake kudziwa."

Palibe wa m'bodi amene anayang'ana mnzake.

"Mwini wake ndife," anatero a Wapampando.

"Si ife," anakonza a Ndime. "Ndi kampani."

"Ndiye kampaniyo ibwere idzanene yokha," anatero Wamankhwala. "Anthu atatu andiuzapo kale kuti makwerero amenewa ndi awo, kuphatikizapo woika madishi wina amene anadutsa dzulo. Ine ndikufuna pepala."

Kunatsala mphindi makumi anayi kuti masana akwane. A Ndime analanda buku kwa Mlembi, natsegula masamba mofulumira, ndipo pa ndime yakhumi ndi chisanu anapeza chipulumutso: onse akaulula, zikalembedwa, ndipo nkhani yokambidwayo ikakhala yongobwezera kampani chimene ndi chake, bodi ikhoza kukhala pansi. Panalibe pokhala, choncho bodi inaimirira m'mbali mwa msewu, pakati pa ngalande ndi njinga ya munthu wogulitsa mazira.

A Wapampando anatsegula msonkhano. Asanapite patali anati, "A Mlembi, lembani kuti ndinalakwa. Ndinatenga cha kampani ngati changa, ndinabisa kuti chasowa, ndipo ndinauza munthu wamkulu kuti akwere pamgolo."

"Ndilembe ndi zilembo zazikulu?"

"Zapakatikati."

A Ndime anati mfundo yawo yotsitsa a Wapampando akuichotsa, poti munthu amene anagwirira makwerero mphindi makumi awiri osawazindikira sangaphunzitse anzake kusamala katundu. Kenako anapereka mfundo yatsopano, yoti kampani ikulandira makwerero ake ndipo ikudziloleza kuwagwiritsa ntchito. Onse anatembenukira kwa Amalume kudikira mawu awiri aja.

"Muwerengenso," anatero Amalume.

Mlembi anawerenganso.

"Sindinagwirizane nazo. Yaperewera. Muonjezere kuti a Burashi asadzakwerenso chinthu chimene sichinapangidwire kukwera, ndipo lero akamakwera, a m'bodi agwirire makwerero mpaka atsike."

Wogulitsa mazira, amene sankadziwa kuti akuona mbiri ikulembedwa, anafunsa ngati pali wofuna mazira. Mfundo inadutsa, atatu kwa palibe. Mlembi analemba kalata, ndipo posowa tebulo anaidinda pamsana pa a Wapampando, amene anawerama ndi kulandira chidindocho osadandaula. Wamankhwala anaiwerenga kawiri, anaimbira kasitomala wake uja, amene anavomera kuti nayenso makwererowo sanali ake, ndipo pomaliza anapatuka n'kuloza khoma ndi dzanja.

A Burashi anakwera. Chikwangwani chinakokedwa ndi chingwe. Atafika pamwamba anatambasula dzanja kumbuyo osacheuka.

"Hamala."

Mlembi anatseka buku, naliika kukhwapa, naimirira mowongoka.

"Ndisanapitirize kulemba," anatero, "ndikufuna kuulula. Chitseko cha bafa kunyumba kwanga chinaguluka mwezi watha, ndipo hamala ya kampani sinabwerereko."

Wamankhwala analowa m'sitolo, natuluka ndi hamala ya chigwiriro chofiira.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Ndiye ndikhoza kubwereketsa. Ibwere pofika folo."

Misomali inalowa khoma kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo kulira kwa hamalayo kunamveka mpaka tsidya lina la msewu, kumene a makina anatuluka kudzaona n'kubwereranso mkati.

Tsopano inafika nthawi ya pangano la mtendere, ndipo panabuka vuto lomaliza. Mtendere umafuna kugwirana chanza, koma mfundo ya Amalume inati a m'bodi agwirire makwerero mpaka a Burashi atsike, ndipo a Burashi anali akadali kumwamba akufufuta zala za anthu pa zilembo. A Wapampando anali atagwira mwendo wakumanja ndi manja awiri, a Ndime wakumanzere, Amalume pakati. Atakambirana mwachidule, mbali zonse ziwiri zinasankha Mlembi kukhala nthumwi yawo. Iye anaika buku pa chishalo cha njinga ya mazira, anaima pakati pa msewu ndi ngalande, ndipo dzanja lake lamanja, m'malo mwa Mtsekamisonkhano, linagwira dzanja lake lamanzere, m'malo mwa Mkango Waukazi, nawagwedeza katatu mwaulemu waukulu. Telala wa pangodya anaomba m'manja osadziwa chifukwa chake.

Wamankhwala, ataona kuti mawu a ankhondowo asasa ndi zolankhula za sabata yonse, anatulutsa maswiti a chifuwa. Popeza manja onse a bodi anali otanganidwa, anawasenda yekha n'kuika imodziimodzi m'kamwa mwa aliyense, kuyambira kwa a Wapampando monga mwa udindo. Bodi inamung'unya mwakachetechete, maso akutuluka misozi chifukwa cha ukali wa maswitiwo, ndipo odutsa m'njira anaganiza kuti akulira ndi chisangalalo.

Kumwamba kuja a Burashi anayang'ana pansi.

"Mabwana, mukugwedeza makwerero. Aliyense akukokera kwake. Agwire mmodzi, awiri asiye."

A Wapampando anayang'ana a Ndime. A Ndime anayang'ana Amalume. Amalume, switi ili kutsaya, anapukusa mutu.

Palibe amene anasiya.